Dzina Limene Kalaliki Sanawerenge

Mwana wa a Dularie Mangru anafera madzi. Osati madzi akumwa ayi, madzi othirira mpunga. Chaka chimenecho mvula inakana kuno ku Corentyne, m'dziko la Guyana, ngalande zinaphwa mpaka matope kung'aluka, ndipo aliyense ankalondera geti la madzi ngati khomo la nyumba yake. Patwa, mwana wa a Dularie uja, analawira kukatsegula geti, tsiku lake lothirira litakwana. Jailall Somwaru, mwini munda woyandikana nawo, anamupeza atawerama n'kumutema ndi chikwanje, kumaso ndi pakhosi. Woona analipo mmodzi yekha, Ankolo Sago, amene ankaponya ukonde tsidya lina la ngalandeyo.

Apolisi anamugwira Somwaru tsiku lomwelo, ife n'kumati zatha. Kutha kwake kuti? Mlandu unagona zaka. Mwamuna wa a Dularie anamwalira akudikira. Mkazi wa Patwa anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake. Mayiwo anatsala okha m'nyumba ya pamizati ija, m'mawa kumsika kukagulitsa masamba ndi therere, madzulo kukhala pansi pa nyumba kumayang'ana thalakitala yofiira ya mwana wawo ikudyedwa ndi dzimbiri. Ankolo Sago nawo ankakalamba. Maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo mwana wawo wamkazi wa ku Toronto anawakonzera mapepala kuti akaonane ndi madokotala a kumeneko. Kawiri konse a Dularie anakagwada pakhomo pawo, kawiri konse nkhalambayo inasintha ulendo. Kachitatu mwana uja anagula tikiti osafunsa munthu, n'kunena pafoni kuti bambo ake si mkaidi wa khoti. Choncho pamene mlandu unaitanidwa ku khoti lalikulu la m'tauni, a Dularie ankadziwa chinthu chimodzi: ukapanda kutha ulendo uno, mboni kulibe.

M'mawa umenewo iwo ndi Ankolo Sago anakwera galimoto imodzi. Ankolo Sago anavala jekete lakuda lonunkha m'bokosi, manja ake othera pakati pa mkono.

"Limeneli si lija munakwatira nalo?" anafunsa a Dularie.

"Ndinakwatira nalo, ndidzawotchedwa nalo. Musandivute, mlongo, lero ndine munthu wa boma."

"Munthu wa boma wonunkha nsomba."

"Nanga jaji sadya nsomba?"

Anaseka pang'ono. Kenako a Dularie anawagwira bondo n'kuwauza kuti akalankhule mokweza, asakameze mawu monga amachitira akakhuta mowa wa ramu.

Mboni anazisiya panja pabenchi. M'kati munadzaza anthu oitanidwa kuchokera m'midzi yonse, oti pakati pawo pasankhidwe khumi ndi awiri ogamula mlandu. Ntchito yosankhayo ndi ya kalaliki. Pa zaka zonse zoyendera khoti, a Dularie anazolowera kuona a Lashley, bambo wa imvi, akugwedeza kabokosi kathabwa n'kumatulutsamo makadi a maina. Tsikuli pampando paja panali mtsikana wamagalasi. Wina ananong'ona kuti a Lashley anapuma ntchito, uyu ndi Onika Wickham. Anagwedeza bokosi bwinobwino, anaitana maina, oitanidwa n'kumakakhala pamipando yawo. Maloya anakana awiri atatu, iye n'kutulutsa makadi ena. Zonse zinkayenda.

Anthuwo asanalumbire, kalaliki anaimirira ndi pepala n'kunena kuti awerenga maina a okhudzidwa ndi mlanduwu, ndipo amene akudziwa mmodzi wa iwo akweze dzanja. Anawerenga mwaulemu ngati wa pa wailesi. Woimbidwa mlandu, Jailall Somwaru. Malemu, Hemwant Mangru. Mboni, Ramkissoon Budhai.

A Dularie eniake anachita kuganiza kaye. Hemwant. Dzina limenelo anapereka ndi wansembe wa kukachisi mwana ali wakhanda, iwo analitchula pokamulembetsa sukulu, basi. Kuyambira akukwawa mwanayo anali Patwa, chifukwa sankatuluka m'ngalande, ngati kansomba kotchedwa patwa. Ramkissoon Budhai, dzina la m'buku la Ankolo Sago, ndiye ngakhale malemu mkazi wawo akanadzuka akanafunsa kuti ameneyo ndi wa mudzi uti. A Lashley ankawerenga maina onse awiri, la m'buku ndi la pamudzi, ngakhale likhale lotukwana, khoti n'kumaseka, manja n'kumakwera. Tsikuli palibe anaseka, ndipo palibe dzanja linakwera.

Ndi pamene a Dularie anawaona. Pamzere wakumbuyo wa ogamula aja panali mayi wamtali wa chipewa chobiriwira, akulandira Baibulo kuti alumbire. Mayi Eulalie Semple, a ku Canje.

Kale, chaka cha madzi osefukira, Patwa ankalima ndi thalakitala kumeneko. Mwamuna wa mayi Semple anagwa ndi matenda a mtima, msewu uli pansi pa madzi, a magalimoto onse atakana. Patwa anamugoneka pangolo ya thalakitala n'kuboola madzi ofika m'chiuno mpaka kuchipatala, bamboyo n'kukhalanso ndi moyo zaka zina. Mayiwo anabwera kunyumba kwa a Dularie ndi keke yakuda ya Khrisimasi, analira, anati mnyamatayu ndi mwana wawonso. Mwamuna atamwalira anapita ku Antigua kukasamalira nkhalamba za eni, anthu n'kusiya kumva za iwo. Pamaliro a Patwa sanaoneke. Kuoneka kwawo kunali kumeneku, atagwira Baibulo, nkhope ili phee, osadziwa kuti malemu Hemwant Mangru ndi ndani.

Dzanja la a Dularie linanyamuka lokha kufika paphewa. Kenako linagwira mpango wakumutu n'kuukokera kumaso. Anasendera pabenchi mpaka mzati unawabisa.

Ankadziwa chimene akuchita, sanali mwana. Koma anayang'ana loya wa Somwaru, wochokera kulikulu ku Georgetown, wa wotchi yagolide, anayang'ana abale a Somwaru atadzaza mabenchi awiri, n'kudzifunsa kuti nanga iwo ali ndi ndani. Loya wa boma anali munthu woti mafayilo akumupulumuka m'manja. Zaka zonsezi khoti linawadyera mwamuna, linawabalalitsira adzukulu, osawapatsapo kanthu. Lero lalakwitsa lokha n'kuwaikira munthu wawo pampando, ndiye iwo adzuke akalikonzere? Mayi Semple adzazindikira tsiku lina, ankatero mumtima, ndipo akadzazindikira adzakhala chete n'kuchita zoyenera.

Masiku otsatira kunabwera dokotala ndi apolisi. Onsewo ankangoti malemu, malemu. Zithunzi zinayenda m'manja mwa ogamula, koma panalibe nkhope yoti munthu n'kuizindikira, chikwanje chija sichinasiye nkhope. Mayi Semple anayang'ana, anatsinzina, n'kupatsira mnzawo. A Dularie ankalowa anthu atakhala kale, n'kutuluka ogamula atatuluka. Roti wawo, mkate wa m'chiwaya, ankakadyera kuseri kwa khoti, kufupi ndi zimbudzi, ngati kuti oba ndi iwo.

Kenako inafika nthawi ya Ankolo Sago. Anakwera pamalo a mboni, analumbira mokweza mpaka jaji anadzutsa mutu. Loya wa boma anafunsa ngati ankawadziwa malemu Hemwant Mangru.

"Ndani?"

Loya anabwereza.

"Bwana, ine munthu ameneyo sindinadye naye. Ngati mukunena Patwa, nenani Patwa. Patwa wa thalakitala yofiira, mwana wa Dularie uyo wadzifunda kuseri kwa mzatiyo ngati mkwatibwi."

Khoti linaseka, mitu yonse n'kutembenukira kumzati. Pakati pa kusekako panamveka mawu ena aafupi, ngati a munthu womenyedwa m'mimba. Chipewa chobiriwira chinali chitagwera pansi.

Jaji sanaone, kapena anaona n'kuyesa ndi kutentha. Ankolo Sago anafotokoza zonse bwino, za ukonde, za geti, za chikwanje, osameza liwu ndi limodzi lomwe. Loya wa Somwaru asanayambe kuwapanikiza ndi mafunso, nthawi ya nkhomaliro inakwana. Ogamula analowa m'chipinda chawo, ndipo m'menemo ndi momwe zinaonongekera. Mayi Semple analira, anzawo anafunsa, iwo n'kukhuthula zonse, za madzi, za ngolo, za mwamuna wawo. Atabwerera m'khoti anaimirira okha n'kuuza jaji kuti malemuyo ankamudziwa, ankamukonda ngati wobala okha, ndipo anzawo onsewa awauza kale.

Loya wa Somwaru anadzuka pang'onopang'ono akumanga batani la jekete, ngati woitanidwa kuphwando. Anati akanakhala munthu mmodzi akanangomuchotsa, koma apa onse amva, ndipo zimene munthu wamva sungazitulutse m'khutu. Jaji anaitanitsa pepala lija kwa kalaliki. Maina a pamudzi analipo, apolisi anawalemba pambali pa a m'buku. Atafunsidwa chifukwa chake sanawawerenge, mtsikanayo anayankha motsitsa kuti anaona ngati si ulemu kutchula munthu womwalira dzina la nsomba pamaso pa khoti. Jaji anavula magalasi, anapukuta kumaso, n'kubalalitsa onse khumi ndi awiri. Mlandu udzayambirenso ndi anthu ena, ulendo wina khoti likadzakhala. Ndege ya Ankolo Sago inali sabata yotsatira.

A Dularie anamudikira kalalikiyo pamasitepe, dzuwa likuwotcha, mpango atauchotsa kumaso. Mtsikanayo anatuluka atakumbatira kabokosi kaja.

"Anti, pepani."

"Ine si anti wako. Anti wako ali ndi ana amoyo."

Mtsikanayo anayamba kufotokoza mofulumira, misozi ili m'maso. Anati iye ankagwira ku ofesi ya malo, kutaipa mapepala a minda. A Lashley atapuma, anangouzidwa kuti Lolemba ukakhale uko. Pali maphunziro ake a ntchito imeneyi ku Georgetown, amene kalaliki aliyense amayenera kuchita asanagwire bokosi, ndipo dzina lake analilembadi kuti apite. Koyamba anawaimitsa chifukwa wophunzitsa anapita kunja. Kachiwiri akuluakulu anati iwe ukapita m'khoti mutsala ndani. Anamupatsa bokosi n'kumuuza kuti uzigwedeza, uziwerenga, palibe chovuta.

"Kunyumba kwanu amakuitana ndani?" anamudula a Dularie.

"Anti?"

"Mayi ako akamakuitana kuti udzadye, amati Onika Wickham?"

Anayang'ana pansi. "Amati Dolly."

"Dolly. Ndiye iwe Dolly, wobadwira m'Guyana momwe muno, umafuna ukwere basi mpaka ku Georgetown kuti munthu wa tayi akakuuze kuti kuno sitidziwana ndi maina a m'buku? Utafa lero, ine n'kupita kumudzi kwanu kukafunsa maliro a Onika Wickham, angandilozere kuti? Ati ulemu. Mwana wanga anamutema ngati nzimbe, iwe n'kumamuchitira manyazi dzina. Ndinamutcha ndine dzina limenelo. Linakununkhira?"

Anthu anayamba kuima. Wapolisi wa pakhomo anasendera, koma sanawagwire. A Dularie anatukwana a ku Georgetown, anatukwana wophunzitsa uja pamodzi ndi ndege imene anakwera, anatukwana amene anati palibe chovuta. Anati iwo kumsika sangamusiyire munthu sikelo asanamuonetse kayezedwe, pamene ndi therere chabe, koma awa akumusiyira munthu magazi a mwana wa eni n'kumuuza kuti uzigwedeza. Mtsikanayo anangoima, bokosi lili pachifuwa.

"Mayi Dularie."

Anali mayi Semple, chipewa chili m'manja, maso ali psuu.

"Munandiona tsiku loyamba lija," anatero. "N'chifukwa chake mpango."

"Inu mukanangotseka pakamwa mukanafa? Anakunyamulirani mwamuna pamadzi. Chimene mumafunika kuchita n'chiyani? Kungokhala pampando, basi."

"Ndinagwira Baibulo, mayi."

"Tsiku la madzi lija linabwera ndi Baibulo kapena thalakitala?"

Mayi Semple sanakweze mawu. "Mukanangokweza dzanja m'mawa uja, mwanayu akanatulutsa khadi lina. Ine ndikanatsika n'kudzakhala nanu pabenchi, bwenzi mawa mlandu ukutha. Koma mwandisiya ndigwire zithunzi zija ndi manja angawa, osadziwa kuti ndi Patwa. Ine ndimayesa anapita kunja ngati anzake onse."

Mkwiyo wa a Dularie unali pomwepo, koma unasowa kolowera. Anakankha mayi Semple ndi phewa n'kutsika masitepe.

Madzulo ake anapita kwa Ankolo Sago. Anapeza sutikesi ili kale pakhonde, maukonde atagawira anthu. Ulendo uno sanagwade. Anawauza kuti agwetsa mlandu ndi pakamwa pawo, ndani anawatuma kuloza mzati, ndiye ang'ambe tikiti akonze okha zimene aononga. Nkhalambayo inamvetsera mpaka mayiwo anatopa.

"Mlongo, munati ndikalankhule mokweza, ndalankhula. Za mayi wa chipewa uja mukanandiuza m'galimoto. Diso ili latha, linzakeli likutsatira. Ndikadikira, loya uja adzandiimika n'kufunsa kuti zala izi ndi zingati, ine osaona. Mudzapindula chiyani? Patwa ndinamuona akubadwa, musandiyese ngati sizikundiwawa."

A Dularie anawauza kuti ayende bwino, akafe ndi chisanu. Tsiku lonyamuka galimoto inaima pamsewu n'kuliza hutala kutsogolo kwa nyumba ya pamizati ija, iwo osatuluka.

Loya wa boma analonjeza kuti Ankolo Sago adzalankhula pa kanema ali komweko. Koma pamene mlandu unaitanidwanso, miyezi itapita, nkhalambayo inali m'chipatala ku Toronto, mbali imodzi itafa, lilime litalemera.

Onika anali atapita ku maphunziro aja. Zitachitika zija malo anapezeka msanga, wotsala m'khoti anapezekanso. Ulendo uno anawerenga momveka, akuyang'ana anthu kumaso: Hemwant Mangru, wodziwika kuti Patwa. Manja anakwera. Wina anati anamulimirapo munda, wina ankasewera naye kiriketi, mayi wina anati anawakokera galimoto m'matope. Onsewo anawabweza bwinobwino monga mwa lamulo, n'kutsala khumi ndi awiri oti Patwa sanamuonepo. Anawawerengera zimene Ankolo Sago ananena kale. Loya wa wotchi uja anafunsa ngati pepala lingayankhe mafunso, ngati pepala lingauze khoti kuti maso a nkhalambayo ankaona patali bwanji m'mawa umenewo. Ogamula sanachedwe m'chipinda chawo. Somwaru anapezeka wosalakwa, anatulukira khomo lakutsogolo, abale ake akumuveka maluwa m'khosi.

Msewu wopita kwathu ndi umodzi. A Dularie anakwera minibasi padepoti, anakhala pawindo, dengu lili pamiyendo. Itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala anabwera akukoka kagulu ka anthu.

"Sunthani pang'ono, Anti, tonse tikafike."

Woyamba anali mkazi wa Somwaru. Pambuyo pake mwiniwake, atawonda, imvi zitamera, maluwa ali m'khosi. Anaima phazi limodzi lili m'kati.

"Anti Dularie," anatero, monga ankawapatsira moni kuyambira ali mwana.

A Dularie sanamuyang'ane. Anauza kondakitala, osakweza mawu, "Uyu ndi amene anapha Patwa."

Bambo wina kumbuyo ananyamula chikwama chake n'kuchiika pampando wopanda munthu. Mayi wa mwana kumsana anachita chimodzimodzi ndi thumba la ufa. Kondakitala anayang'ana dalaivala, anayang'ana mipando, n'kukanda mutu.

"Yadzaza, akulu. Dikirani yakumbuyoyo."

Ananyamuka mipando ina ili yopanda anthu, dalaivala akung'ung'udza za mafuta. Palibe analankhula ndi a Dularie, iwonso sanathokoze munthu. Asanafike n'komwe pamlatho wa Canje, minibasi yakumbuyo ija inawapitirira ikuliza nyimbo, yodzaza, maluwa achikasu a Somwaru akuoneka pawindo. Inakafika kumudzi iwo asanafike.